Peni ya Ababa ndi Mwendo wa Mpando

Sabata ino ndabwera ndi kankhani ka peni. Inde, peni yolembera. Musathawe msanga, khalani kaye pansi.

Ndiyambe ndi funso. Tsiku logawa katundu wa malemu kwanu, inu munatola chiyani? Ife ababa atatisiya mu 2019, kwathu ku Ulongwe, ababa aang'ono anayala mkeka pansi pa mtengo wa mango n'kutulutsa zonse. Njinga inapita kwa achimwene aakulu. Wailesi inapita kwa achimwene aang'ono. Jekete la ku tchalitchi anthu anachita kulimbirana. Pomaliza panatsala kachitini ka mabisiketi, makope 7 omangidwa ndi chingwe, ndi mpando wothyoka mwendo. M'kachitinimo munali peni yomwetsa inki, thunthu lake long'aluka, lokulungidwa ndi ulusi wakuda. Ababa aang'ono anandiyang'ana nati, "Aphunzitsi, izi ndi zanu izi. Ife za mapepala tidziwapo chiyani?" Anthu anaseka. Inenso ndinaseka nawo, koma mumtima ndinadandaula, ndisakunamizeni. Ndinanyamula chitini, makope ndi mpandowo, n'kukwera minibasi kubwerera ku Balaka kumene ndimaphunzitsa.

Ababa anali mlembi wa amfumu kwa zaka zambiri. Milandu ya minda, ya mbuzi zodya chimanga cha eni, ya maukwati otha, zonse ankazilemba iwo. Asanayambe ntchito imeneyo ankalembera azimayi makalata opita kwa amuna awo ku Joni. Peni ija inachokeranso komweko. Anawabweretsera achimwene awo amene anabwerako nthawi imene Kamuzu analetsa Wenela kulemba anthu ntchito, ndege itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70. Mukatsegula makope aja muona chinthu choseketsa. Oyambirira pamwamba analemba kuti Kasupe, dzina lakale la boma lathu. Otsatira akuti Machinga. Kuyambira 1998 akuti Balaka. Munthu mmodzi, mudzi umodzi, peni imodzi, koma maboma atatu.

Kwa inu ana a bolopeni, ndifotokoze kaye kuti peni yomwetsa inki ndi chiyani. Kutsogolo kuli nibu, kachitsulo kosongoka kong'ambika pakati. Pansi pa nibu pali kapulasitiki kakuda ka timizere, ndiko kamayendetsa inki. M'thunthu muli kathumba kamene mumafinya nibu ili m'botolo, peni n'kumwa. Polemba, inki imatsika yokha ndi kamng'alu ka pa nibu, ndipo mpweya umalowa kukatenga malo a inki yatulukayo. Simudinikiza ayi, mumangokhudza pepala basi. Mzungu wina wa ku New York, Lewis Waterman, ndiye anatchuka pokonza kayendedwe ka inki ndi mpweya kameneka mu 1884. Kenaka László Bíró wa ku Hungary anabwera ndi bolopeni mu 1938, Bic n'kuitchipitsa kuyambira 1950, ndipo dziko lonse linatembenukira komweko. Sindikuinyoza bolopeni, inenso ndimachongera nayo makope a ana tsiku ndi tsiku. Koma ikatha mumaitaya osatembenuka n'komwe. Ndani mwa inu analandirapo bolopeni pa mkeka wa malemu?

Zaka zinayi chitini chija chinangokhala pansi pa bedi. Chimene chinandidzutsa ndi Namondwe Freddy, mu March 2023. Nyumba yanga inadontha ngati sefa, makope a ababa ananyowa. Nditawayanika ndinaona chodabwitsa. Masamba ena zolemba zinasungunuka, kwangotsala mabala a buluu. Ena zinali chilili, zakuda bii, ngati alemba dzulo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti inki si imodzi. Pali ya buluu yochapika, imene anaipangira ana a sukulu kuti ikatayikira pa malaya ichoke. Ndiye pali ya makedzana yotchedwa blue-black, imene muli mchere wa chitsulo. Imeneyo ikauma imada n'kulumana ndi pepala, madzi saichotsa.

Tsamba lina mwa opulumukawo linali la 1986, lonena malire a munda wa amayi: kuchokera pa mlambe, kutsata khwawa, mpaka pa chulu. Chaka chomwecho cha Freddy, madzi atafafaniza mizere, oyandikana nawo anasuntha malire. Amayi ndi okalamba, mawu awo samveka patali. Ndinapita nalo kope lija kubwalo, amfumu anawerenga tsambalo mokweza, akuluakulu ena anazindikira dzanja la ababa, mlandu unathera pomwepo. Pobwerera ndinkangoganiza za kapeni kokulungidwa ndi ulusi kaja. Munthu anagona kalekale, koma watiyankhulira pabwalo. Ndinati peni imeneyi iyenera kulembanso.

Nibu inali yabwinobwino. Chimene chinatha ndi thunthu ndi kathumba ka inki. Mnzanga wina wa pasukulu anati, "Asisi, bwanji osapita kwa osema ziboliboli akakupangireni thunthu la mtengo?" Amene mumayenda msewu wa Liwonde kupita ku Zomba mukuwadziwa anthu amenewa. Mukawoloka Shire pa Kamuzu Barrage n'kupitirira tauni, mumaona mipando ya mafumu, njovu, mvuu ndi mbale zamtengo zitandandalikidwa m'mbali mwa msewu, mapiri a Machinga ali chapomwepo. Loweruka lina ndinakwera minibasi, peni ili m'kachikwama.

Apa ndiye pamene ndinapusa, ndipo ndikuuzani kuti inu musadzapuse chimodzimodzi. Ndinapita ndili ndi dzina limodzi m'mutu: phingo. Ndinkafuna peni yakuda yonyezimira, yoti ndikaitulutsa pa msonkhano wa aphunzitsi anthu atembenuke. Mnyamata wina wochenjera pakamwa anandilandira. "Madamu, mwafika penipeni. Phingo weniweni uyu, mawa lomwe mudzatenge." Sindinafunse kuti mtengowo unadulidwa liti, sindinaunyamule n'komwe kuti ndimve kulemera kwake. Safunsa anadya phula. Mawa lake ndinalandira kanthu kokongola zedi, ndinalipira osanenerera.

Sabata yoyamba zala zanga zinkada. Ndinkati ndi inki. Itafika October, kutentha kwa ku Balaka mukukudziwa inu, kuja ngakhale abuluzi amabisala, ndinaiwala peni pa zenera la ofesi kuyambira m'mawa mpaka masana. Pobwera ndinapeza inki yatayikira ponseponse, thunthu lang'aluka kuchokera kumwamba mpaka pansi. Ndikayang'ana m'kati mwa mng'alumo, mtengo wake woyera mbee. Phingo uja anali polishi wa nsapato wopaka pa mtengo wauwisi. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti nibu ya ababa ikanatha kuthyokera momwemo chifukwa cha matama anga.

Ndinabwererako ndili ndi mkwiyo. Mnyamata uja sindinamupeze. M'malo mwake ndinapeza bambo wina wachikulire, wa kofia yoyera, akupala mwendo wa mpando pansi pa chisakasa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula. Kenaka anatenga zibenthu za thunthu lija, kuzinunkhiza, nati, "Mayi, inu munagula kuda, simunagule mtengo." Analowa m'chisakasa n'kutulutsa kachidutswa ka phingo kochepa ngati chala. Anakaponya m'ndowa ya madzi, kanamira ngati mwala. Anandionetsa kuti kunja kwake n'koyererako ngati chikasu, mtima wokha ndiwo wakuda, ndipo kudako si kwa bii ngati makala, muli timizere tofiirira mukayang'anitsitsa padzuwa. "Uyu amabunthitsa sompho," anatero. "Woti mawa mudzatenge, ameneyo si phingo."

Ndinati ndiye mundipangire ndi weniweniyo. Anapukusa mutu n'kuloza kumapiri. "Tayang'anani uko, mayi. Ife tili anyamata, phingo tinkamupeza poyenda pang'ono chabe. Lero munthu amachita kugonera." Sindinafunike kuuzidwa zambiri. Matumba a makala ndinali nditawaona ndekha m'mbali mwa msewu wonsewo, ndi mabala a dazi m'nkhalango ya Liwonde imene pa pepala ndi yotetezedwa.

Nditafika kunyumba ndinawerengako za mtengo umenewu. Akatswiri amautcha Dalbergia melanoxylon, a ku Tanzania amati mpingo. Ndi umene ku Ulaya amapangira zitoliro zodula za clarinet ndi oboe, chifukwa ndi wolimba ndipo suvutika ndi chinyezi cha mpweya wa woimba. Kuti ufike podulidwa umatenga zaka 70 mpaka 100. Pa msonkhano wa CITES umene unachitikira ku Johannesburg mu 2016, mayiko anagwirizana zoika mitengo ya mtundu wa Dalbergia pa mndandanda wa zoyang'aniridwa, ndipo kuyambira January 2017 matabwa ake satumizidwa kunja popanda chilolezo. Taganizani, mtengo umene unamera agogo anga ali kamwana, ine ndinkafuna ugwe kuti anzanga atembenuke pa msonkhano.

Tibwerere kwa bambo aja. Tsiku lomwelo anandifunsa funso limene linasintha zonse. "Kunyumba kulibe mtengo wakale? Mpini, munsi, chitseko, chilichonse chimene chakhala zaka?" Ndinakumbukira mpando wothyoka uja, umene ndinkangoikapo ndowa kukhitchini. Loweruka lotsatira ndinabwera ndi mwendo wake. Anaupala pang'ono ndi mpeni, pansi pa litsirolo panatuluka kufiira kokongola ngati uchi. Anamwetulira. "Mlombwa uwu. Unauma inu musanabadwe. Zong'aluka unamaliza kalekale." Mlombwa ndi uja mukautema umatuluka madzi ofiira ngati magazi, ndipo akalipentala amaukonda chifukwa ukauma supindika kapena kuphwa kwambiri. Pa mpando umenewo ndi pamene ababa ankakhala polemba makope aja.

Anatenga masabata atatu. Kamphete ka mazinga ka thunthu lakale anakadula bwinobwino n'kukamatira m'kati mwa mtengo, kuti mbali ya nibu izimangika monga kale. Chotsekera chakale sanachitaye, anachiveka mtengo kunja. Kathumba ka inki tinachotsa ku peni yotchipa ya ku China imene ndinaitanitsa ku Limbe. Tsiku lokatenga ndinalemba dzina la ababa pa chikuto cha kope, dzanja likunjenjemera. Bambo aja anayang'ana kumbali, anandisiya ndilire bwino.

Tsono inu amene mwayamba kusirira, kaya mukufuna kupangitsa ngati ine, kaya mwaiona m'sitolo kapena pa intaneti, tamverani zimene ndinaphunzira ndi ndalama zanga.

Funso loyamba lisakhale lakuti ndi mtengo wanji. Funsani kuti unauma liti. Mtengo wauwisi uli ndi madzi, ndipo thunthu la peni ndi lopyapyala, madziwo akamatuluka limang'aluka basi. Wosema akakuuzani kuti ndi chidutswa chotsala pa ntchito yakale, kapena mukabweretsa nokha cha kunyumba, mwapeza. Peni imangofuna kamtengo kochepa kuposa chitsononkho. Palibe chifukwa choti mtengo wamoyo ugwe. Yang'anani kumapeto konse ngati kuli timing'alu, ndipo mizere ya mtengo iziyenda motsata utali wa peni, osati mopingasa. Ikakhala yakuda kwambiri, nyowetsani kansalu koyera mupukute mwamphamvu. Kakada, bwezani. Nunkhizaninso, polishi sabisala.

Kenaka tsegulani muone m'kati. Inki isakhudzane ndi mtengo, izikhala m'kathumba kake, chifukwa mtengo umamwa inki ndipo banga lake silichoka. Chotsekera chikhale ndi pulasitiki kapena chitsulo m'kati. Mtengo pawokha umapuma, ndiye chotsekera cha mtengo wokhawokha chimaumitsa nibu, m'mawa mudzapeza peni yakana kulemba. Igwireni m'manja kwa kanthawi. Yolemera imakoma posainira, koma yesani kulemba nayo masamba asanu, mudzaitukwana. Ndipo muyesere pa pepala limene mumalembapo masiku onse. Makope athu ambiriwa pepala lake ndi lomwa inki, nibu yonenepa imayala zilembo ngati mapazi a nkhuku, mpaka kuonekera kuseri. Nibu yopyapyala ndiyo imagwirizana nawo.

Kusamala kwake si kovuta, kumangofuna chizolowezi. Mdani wamkulu ndi dzuwa. Pa zenera ayi, pa dashibodi ayi, pafupi ndi mbaula ayi. Kutentha kumaumitsa mtengo mwadzidzidzi, komanso mpweya wa m'kathumba umafufuma n'kukankhira inki kunja. N'zimene zinandichitikira tsiku lija. M'thumba la malaya izikhala choimirira, nibu kumwamba. Mudzaonanso kuti m'dzinja chotsekera chimathina, m'chilimwe chimakhwepa. Si kuti yawonongeka, mtengo umatupa ndi chinyezi n'kuphwa kukauma. Chikathina musalimbane nacho, potozani pang'onopang'ono.

Kamodzi pa mwezi ndimaitsuka. Ndimamasula thunthu n'kuliika patali ndi madzi, kenaka mbali ya nibu yokha ndimaimwetsa madzi ozizira n'kulavulitsa, mobwerezabwereza mpaka atuluke oyera. Madzi otentha ayi, sipiriti ayi. Mjigo wa kwathu madzi ake ali ndi kamchere, ndiye ndimasunga a mvula osefa m'kabotolo. Ngati mukugwiritsa ntchito inki ya chitsulo ija, musadumphitse kutsuka, ndipo musaisiye m'peni miyezi osalemba, imauma n'kutseka njira. Inki ya chidindo, ya printer kapena yojambulira zithunzi musayerekeze n'komwe, imeneyo imapha peni. Botolo muzitseka mukangomwetsa, fumbi la ku Balaka silichedwa.

Thunthulo ndimalipukuta ndi nsalu youma. Kawiri pa chaka, chilimwe chisanafike pachimake ndi mvula ikatha, ndimapaka phula la njuchi pang'ono chabe n'kupukuta mpaka liwale. Mnzanga wina anati ndizipaka mafuta ophikira. Ayi ndithu, amenewo amasasa n'kuyamba kununkha, komanso amamata fumbi. Mafuta a m'manja mwanu amakwanira pa masiku ena onsewo. Yanga pamene pamakhala chala chachikulu payamba kale kudera, ndipo ndimakondwa ndikapaona.

Lamulo lomaliza ndi limene landidanitsa ndi anthu: sindibwereketsa. Wozolowera bolopeni amadinikiza, ndipo nibu ikakhadzuka mano, yapita. N'chifukwa chake m'chikwama mwanga mumakhala bolopeni ya alendo. Ahedi anandipemphapo tsiku lina kuti asainire kalata, ndinawapatsa ya alendoyo. Anandiyang'ana, inenso ndinawayang'ana, nkhani inathera pomwepo.

Mwina wina akuti, zonsezi chifukwa cha peni? M'nthawi ino ya mafoni? Funso labwino, ndipo nkhani inoyi mukuiwerenga pa foni, ine sindikukana. Koma foni yanga ino ndi yachinayi pa zaka khumi, ndipo mauthenga a m'mafoni atatu oyambawo anapita nawo limodzi. Tsamba la 1986 lija likadalipo, munda wa amayi ukadalipo. Ine ndaphunzira kuti chinthu cha mtengo munthu umachitenga pa ngongole. Mtengo unalipira kale ndi zaka zake, iwe umabweza pochisunga kuti wina usagwenso chifukwa cha iwe. Peni imodzi, yosamalidwa, ikhoza kukwanira moyo wonse n'kutsalako.

Masiku ano ndili ndi kope langa, la nambala 8. Ndimalembamo za kumudzi: amene wabadwa, amene watisiya, mvula yayamba liti, amayi anena chiyani za malire ndi za mbumba yathu. Ndimalemba madzulo, ndi inki yosachapika. Mwana wanga wamkazi, wa Sitandade 6, amakhala pambali kuyang'ana. Tsiku lina anafunsa, "Amama, mukadzakalamba peniyi idzakhala ya ndani?" Ndinati idzakhala ya amene adziwe kuitsuka. Loweruka lapitali ndinamupeza atatenga kale kabotolo ka madzi a mvula, akundidikira. Thunthu anali ataliika payekha pa shelefu, kutali ndi madzi.

Mpando uja watsala ndi miyendo itatu. Achimwene aakulu, aja anatenga njinga, anabwera mwezi watha, anaigwira peniyo nthawi yaitali osayankhula. Njinga inatha kalekale. Potsanzika anafunsa chapansipansi ngati mwendo wina ungapezeke. Ndinawauza kuti ulipo.

Nanga inu, kwanu kuli chiyani chimene chinatsala pa mkeka, chimene mumangoikapo ndowa? Tatiuzani. Mwina musanapite kokagula chatsopano, muyambe mwasuzumira kukhitchini.